Mchenga wa Pansi pa Bedi

Tsiku limene mwana wanga Seneti anayamba kusesa kuchipinda kwathu popanda womutuma, ndinayenera kudziwa kuti pali chimene chikununkha. Mtsikana wa fomu faifi, woti kumudzutsa faifi koloko m'mawa kuti apite kutchalitchi kukaphunzira malemba kunali ngati kuzula chinangwa panthaka youma, lero akuti, "Amayi, inu pitani mukasule nsalu ya chiwondo ndi anzanu, kuno ndisesa ndine." Ine, chitsiru cha m'mudzi wonse wa Kolonga, ndinagwada n'kuthokoza Atate Akumwamba kuti malemba ayamba kulowa.

Pansi pa bedi m'chipindamo munali chuma changa. Atsogoleri a mpingo wathu wa Oyera Mtima amatiphunzitsa kuti banja lililonse lizisunga chakudya cha miyezi itatu, paja chakudza sichiimba ng'oma, ndipo namondwe akamabwera satumiza kalata. Mawu abwino zedi. Kungoti amene anawayambitsa analibe mlamu ngati Tangikina.

Tangikina ndi mlongo wawo wa amuna anga, a Manase. Nanga n'kukuuzani? Mlongo wa bambo akalowa pakhomo, chimene maso ake akonda ndiye kuti n'chake, ndipo ana a mchimwene wake sangamuyankhe kuti ayi ngakhale atawauza kuti amwe nyanja. Iyeyo ndi wa mpingo wa Wesile, amaphunzitsa zosoka kusekondale ya boma kumene Seneti amaphunzira, ndipo ife, poti sitimwa tiyi, amatitchula "a mpingo woopa tiyi". Kawiri konse ndinayesa kusunga chakudya kukhitchini. Kawiri konse anabwera ndi dengu lake la mlaza, n'kuchoka akuyenda chopendekeka.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza. Padziko lonse lapansi pali malo amodzi amene Tangikina sangaponde: chipinda chimene mchimwene wake amagona. Mwambo womwewo umene umamupatsa khomo lonse umamuimitsa pachitseko chimenecho. Ndinadziombera m'manja ndekha. Zaka ziwiri ndinkasonkhanitsa pang'onopang'ono, mpaka pansi pa bedi panadzaza ndowa zisanu ndi imodzi za zivundikiro, za mpunga, ufa ndi shuga, kuphatikizapo katoni ya nyama ya m'zitini. Loweruka lililonse ndinkagwada, kukoka ndowa iliyonse kuti ndimve kulemera kwake, kuvundukula, kuona mpunga uli mbee, n'kuvundikiranso mtima uli phee.

Chakumayambiriro kwa chaka Tangikina anabweradi ndi dengu lake lija. Kunyumba kwake amasunga atsikana asanu ndi awiri a kuzilumba za Ha'apai, ana a abale ndi abale a abale, amene amakhala naye kuti aziphunzira kuno.

"Alamu," anatero, "sitima ya ku Ha'apai yafa injini. Makolo awo a ana aja sakutumiza kanthu. Muli nako kampunga?"

Ndinamutengera kukhitchini, n'kutsegula kabati yonse kuti adzionere yekha. "Kalanga ine, alamu, ifenso tikungokukuta chinangwa chomwechi."

Sindinaname, ndinadziuza choncho. M'kabatimo munalibedi kanthu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Seneti amene ankasita yunifolomu yake pakona, kenako anatsanzika mwaulemu wodabwitsa. Sabata yomweyo ndi imene mwana wanga anayamba kukonda tsache.

Zizindikiro zinalipo, ine ndiye ndinalibe maso. Chikwama chake cha kusukulu chinayamba kulemera moti ankapita pa basi atawerama. Nditafunsa anati, "Mabuku, amayi, mayeso ali pafupi," ine n'kumuonjezera dzira pa chakudya cha m'mawa. Pansi m'chipinda mwathu munayamba kumveka timchenga kumapazi, ndipo mlandu ndinauika pa amuna anga.

"Bambo a Seneti, munthu wamkulu, mlangizi wa bishopu, kumagona osasamba mapazi?"

"Kumunda kwanga dothi lake n'lakuda," anayankha a Manase. "Mchenga woyerawu mufunse amene amapita kunyanja."

Ndinawauza kuti asandiyankhe ngati mwana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chinandipachika ndi pakamwa pangapa. Pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, anzanga akudandaula kuti kwathu kuno kusunga chakudya n'kosatheka chifukwa cha abale, ine ndinakhosomola pang'ono n'kunena kuti womvera amapeza njira. Mayi Vaipulu, mtsogoleri wathu, anagwira mawuwo asanagwe pansi.

"Achemwali athu a Kalolaine atiphunzitse! Tibwere kwanu tidzaone ndi maso."

Ndinakana kamodzi, mwa mwambo chabe, kenako ndinavomera. Tsiku ndinasankha ndekha: Loweruka m'mawa, nthawi imene a Wesile amakhala ali kukonzekera kwaya, Tangikina ali kutsogolo kukuwa mawu apamwamba.

Nditamuuza Seneti, foloko inamugwa m'manja.

"Amayi, kodi malemba sakuletsa kudzionetsera?"

"Uku si kudzionetsera, n'kuphunzitsa."

"Ndiye mungowaonetsa zivundikiro. Mukamavundukula mulowetsa anankafumbwe."

"Iwe, anankafumbwe wawadziwira kuti?"

"Kusukulu. Sayansi." Anatola foloko ija. "Kapena tidikire chaka chamawa, zichuluke kaye?"

Ndinamusisita patsaya, mtima wodzaza ndi chimwemwe kuti mwana akusamala za nkhokwe ya banja. Eee, munthu ukafuna kupusa, ngakhale angelo sangakuletse.

Loweruka linafika. A Manase anatulutsa ndowa zonse n'kuzindandalika patebulo pansi pa mtengo wa mango, kenako anathawira kumunda, poti zinali za amayi. Ine ndinavala diresi yanga yoyera, kamphasa kabwino m'chiuno monga mwa mwambo wathu, duwa kukhutu. Amayi oposa makumi awiri anakhala pamikeka. Tinaimba, Mayi Vaipulu anapemphera, ndipo titangoti ameni ndinatsegula maso n'kuona Tangikina atakhala kutsogolo kwenikweni, akudzikupiza mphepo ndi chikupizo chake. Kumpanda wa maluwa kunali kutaima atsikana ake asanu ndi awiri aja.

"Alamu! Nanga kwaya?"

"Mawu andithera," anayankha ndi mawu omveka mpaka kumsewu. "Ndati ndidzaphunzire nawo kwa anzathu omvera."

Nanga ndikanatani? Ndinayamba. Ndinalankhula za Atate Akumwamba, za namondwe, za mayi wanzeru amene sagona ana ake alibe cha mawa. Ndinayankhula bwino, musandinamize, ena mpaka ankagwedeza mitu. Kenako ndinaitana Seneti kuti agwire beseni, ndionetse amayi mmene mpunga wa zaka ziwiri umakhalirabe wabwino ukasungidwa mwaluso. Mwanayo anabwera ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Ndinavundukula ndowa yoyamba, mpunga uli mbee, amayi onse n'kuti "Eee!" Ndinatenga kapu n'kuimiza mpaka pansi, kuti aone kuti si pamwamba pokha.

Kapu inalira kuti khwee. Nditaitulutsa n'kukhuthulira m'beseni, munagwa mchenga woyera wa kunyanja, pamodzi ndi kachigoba ka nkhono.

Ndinamiza kapu m'ndowa ya ufa: ufa wofika pachala, pansi mchenga. Ya shuga chimodzimodzi. Ndinanyamula chitini cha nyama, pansi pake pomatidwa ndi tepi panatseguka, mchenga n'kuti waa pa diresi yanga yoyera. Pomwepo tsache, chikwama ndi mapazi a amuna anga zinakumana m'mutu mwanga. Ndinayang'ana Seneti, maso ake ali m'beseni. Ndinayang'ana Tangikina, akudzikupizabe mphepo ngati ali pa ukwati.

Koma ine ndine Kalolaine, pakamwa sipanandithawepo. Ndinakweza mchenga m'dzanja n'kumwetulira.

"Mwaonatu, achemwali? Ndachita dala. Phunziro lathu lenileni ndi limeneli. Alipo anthu ena, pamwamba mpunga woyera, koma ukamiza kapu mumtima mwawo, mchenga wokhawokha."

"Ameni!" anakuwa Tangikina, yekhayekha.

Amayi ena anapuma, kumasuka. Mayi Vaipulu anagwira pachifuwa, maso atalenga misozi, akunong'ona kuti ndauziridwa. Ndinali nditapulumuka, dzina langa litakwera kuposa kale. Ndinatembenukira kwa Seneti kuti ndimuponyere diso loti tionana anthuwa akapita.

Mwanayo sankayang'ananso m'beseni. Ankandiyang'ana kukamwa kuli yasa, mosirira, ngati kambava kakang'ono kaona mbava yeniyeni ili pantchito. Zimenezo zinandilasa. Zaka zinayi ndakhala ndikumukoka miyendo kunja kusanache, mvula kaya mphepo, kuti akaphunzire kukhala woona mtima, ndiye phunziro limene lamulowa bwino kwambiri ndi ili ndamupatsa pa mphindi imodzi, nditavala zoyera. Ndinachita mantha, mantha enieni, kuti ndikangokhala pansi tsopano mwanayu adzakhala ine.

"Dikirani, achemwali," ndinatero. "Ndanama. Sindinachite dala ayi. Chakudyachi ndinabisira alamu anga ali apawa, pansi pa bedi la achimwene awo. Atabwera kudzapempha ndinawaonetsa kabati. Kumene mpunga wapita, ine sindikudziwa."

Tangikina anaika chikupizo pansi n'kudzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anakodola atsikana aja kumpanda, n'kubwera atazolika, manja kutsogolo, wamng'ono kwambiri wosapitirira zaka khumi ndi ziwiri.

"Mpunga wanu ndi uwu, alamu, ukuyenda ndi miyendo. Ufa ndi uyu, mwaona masayawa? Palibe amene wakomoka m'kalasi, palibe amene wabwerera kwawo. Mwanayu ndinamutuma ndine, musamukhudze. Koma za mchengazi ine ndilibemo, ndi nzeru za mpingo wanu."

Amayi ena anaphulika kuseka n'kubisa nkhope m'mipango. Ine ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Iwe, mchengawu bwanji?"

"Azakhali sindingawakanire," anayankha Seneti akuyang'ana m'beseni. "Inunso mumasangalala kwambiri Loweruka mukamakoka ndowa. Ndinaona kuti mchenga ukhoza kusangalatsa nonse."

"Ndiye sukanandiuza?"

"Ndinalipo tsiku la kabati lija, amayi."

Mayi Vaipulu anafulumira kuyambitsa nyimbo yotsekera. Anthu akubalalika, Tangikina anagwedeza zitini chimodzichimodzi pafupi ndi khutu, n'kupeza chimodzi chimene Seneti anali asanafikepo. Anachiponya m'dengu, ine ndikuona, n'kundifunira Sabata labwino.

Chilango cha Seneti chinali kubweza mchenga wonse kunyanja. Anzake asanu ndi awiri aja anamuthandiza, akuimba njira yonse ngati akupita kuphwando, moti chilangocho chinaonongeka. Ndowa yachisanu ndi chimodzi ndinasenza ndekha. A Manase atabwera kumunda n'kumva nkhani yonse anangokhala pakhonde n'kutambasula mapazi awo kuti ndiwaone bwino.

Sitima inakonzedwa patapita miyezi iwiri. Lachinayi lina masana ndinamva galimoto ikuima pakhomo. Anatsika Tangikina, ndi bambo wina wokalamba, wakuda ndi dzuwa la panyanja, atavala mphasa yong'ambika m'chiuno, agogo a kamtsikana kakang'ono kaja. Anatsitsa madengu a nsomba zouma ndi mulu wa feke wouma, nyama yofewa ya m'nyanja, miyendo yake isanu ndi itatu itatambasuka ngati maambulera othyoka. Kenako bamboyo anakhala pansi padothi, pamaso panga, n'kuyamba kuthokoza m'dzina la mabanja asanu ndi awiri. Anati aphunzitsi a Tangikina anawalembera kalata kuti kuno kuli mayi wina wa mpingo wa Oyera Mtima amene anasunga chakudya zaka ziwiri, ndipo ana awo atasowa, anapereka chonse osasiyako ngakhale kapu imodzi. Anati kwawo dzina langa amalitchula m'mapemphero.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma Tangikina anandiponda chala chaphazi mwamphamvu.

"Musamuchititse manyazi mkuluyu, wayenda ulendo wautali," anandinong'oneza. "Landirani. Paja kupatsa n'kuika, ngakhale wopatsayo ali mtulo."

Ndinalandira, misozi ikugwera pa feke. Mlendo atakwera galimoto, mlamu wanga anasuzumira pawindo n'kulamula, mokweza kuti a Manase amve, kuti mphatso yonseyo ikaikidwe pansi pa bedi, poti ndi kumene banja lino limasungira zinthu. Mawu a mlongo sabwezedwa. Tinaika.

Amene anagonapo pamwamba pa feke wouma mwezi wotentha akudziwa chimene ndikunena. A Manase anapirira masiku atatu, tsiku lachinayi lake anasamukira pakhonde ndi mkeka wawo. Seneti anadzipereka kuti atulutse madenguwo mwakachetechete, azakhali ake osadziwa, ndipo anati angathenso kupeza choikamo kuti azilemerabe. Ndinamuuza kuti akayerekeze aone, ndipo ndinagonabe momwemo mpaka mwendo womaliza titaudya.