Tsiku Limene Fermín Anakankha Njinga

Fermín Arrieta anayamba mipikisano ya njinga zamoto ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pa bwalo lafumbi la kwawo ku Carhué. Zinali njinga zija zopanda mabuleki, zoti munthu amazungulira bwalo kanayi, mwendo wakumanzere ukukhwekhwereza pansi, fumbi lili koboo kumbuyo. Ankamukonzera injini ndi mlongo wake wamkulu, Nélida, mayi wamfupi amene sipanala sinkachoka m'thumba mwake ngakhale popita kutchalitchi.

Atakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri, timu ina ya ku Poland inamuitana. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Kumeneko anaphunzira kudya kabichi wowawasa, kutukwana m'chinenero cha eni ake, ndi kugona chagada fupa la paphewa litathyoka, chifukwa linathyoka katatu. Koma Januwale aliyense ankabwerera kwawo kudzapikisana ndi anzake. Chikho cha m'chigawo anachitenga kamodzi kokha. Kanayi konse anathera pambuyo pa Horacio Bertoldi, mnzake wa kuubwana amene aliyense ankangomuitana kuti Tano.

Atafika zaka makumi anayi ndi zitatu, mawondo anayamba kulira m'mawa uliwonse podzuka. Fermín anauza mlongo wake kuti Lamulungu likubweralo ndi lomaliza.

"Wakhala ukunena zimenezi zaka zitatu, iwe," anatero Nélida osadzutsa mutu pa injini.

"Ulendo uno ndikunenetsa."

"Ndiye uthamange bwino. Sindikufuna manyazi pamaso pa anthu."

Lamulungulo masana dzuwa linaswa mtengo. Anthu anadzaza mpaka kutsamira mpanda, utsi wa masoseji ootcha ukusakanikirana ndi fungo la mafuta a njinga. Fermín anathamanga bwino ndithu, nalowa m'gulu la anayi omaliza: iye, Tano, ndi achinyamata awiri ochokera ku Bahía Blanca.

Akuvala zisoti, Tano anamugogoda paphewa. "Mkulu, ndodo yako wasiya kuti? Ndikudikira pa mzere womalizira, usachedwe, nyama ipserera."

"Ukayang'ane bwino msana wanga lero," anayankha Fermín, "mawa suuonanso."

Chingwe choyambira chitakwera, Fermín anatuluka ngati waponyedwa ndi legeni. Pa kona yoyamba mmodzi wa achinyamata aja anaterereka n'kugwa, nadzuka bwinobwino n'kukokera njinga yake pakati pa bwalo. Anatsala atatu. Fermín anali patsogolo, Tano akumupumira m'khosi. Anazungulira kachiwiri, kachitatu. Mumtima mwake ankangoti, lero lokha, Tano, lero lokha udye fumbi langa.

Pa kona yomaliza kunamveka kuti thaa! Tcheni chinaduka. Injini inalira pachabe, njinga n'kuyamba kufooka. Tano anadutsa, wachinyamata uja anadutsanso. Fermín anaima pamene mzere womalizira unkaoneka apo, mtunda ngati theka la bwalo la mpira.

Anafuna kulira. Kenako anamva mawu a Nélida akuposa phokoso la anthu onse.

"Kankha, chitsiru iwe! Malo achitatu ndi ako! Kankha!"

Zinali zoona. Lamulo limalola munthu kumaliza akukankha njinga, bola asathandizidwe ndi wina aliyense. Fermín anatsika, nagwira zogwirira, nayamba kukankha. Nsapato yakumanzere, yomwe inali ndi chitsulo kunsi, inkaterereka pa dothi. Thukuta linkatsikira m'maso mkati mwa chisoti. Anthu anayamba kuomba m'manja mogwirizana ndi mapazi ake, phazi limodzi, kuomba kumodzi.

Tano, amene anali atapambana kale, anasiya njinga yake n'kubwera wapansi. Ankayenda pambali pake manja atawaika kumbuyo kuti oweruza aone kuti sakukhudza kanthu.

"Aka n'koyamba kukuona ukugwira ntchito," anatero Tano.

"Choka apa, ndikuponda."

"Ndi liwiro limeneli? Ngakhale apongozi anga akupitirira."

Fermín anaseka mpaka mphamvu zinamuthera, njinga inatsala pang'ono kugwa. Anaigwiriziza ndi ntchafu, napuma kawiri, nakankhanso. Tayala lakutsogolo litaponda mzere, wogwira mbendera anaikupiza ngati wafika woyamba, ndipo bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo. Fermín anangokhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka, misozi ikulemba mizere pa nkhope yakuda ndi dothi.

Nélida anafika atanyamula tcheni chodukacho, akuchiyang'ana mokwiya.

"Ndinachiona m'mawa, chinali bwinobwino," anatero. Kenako anamukumbatira mlongo wakeyo mwamphamvu mpaka phewa lija linadandaula.

Madzulo ake anaotcha nthiti za ng'ombe kuseri kwa galaja. Tano anamwa vinyo m'chikho chimene anapambana, napatsira Fermín kuti amweko, akuti aone kukoma kwake.

Fermín sanathamangenso. Chaka chotsatira akuluakulu a bwalo anamupempha kuti aziyendetsa thalakitala yosalaza dothi pakati pa mipikisano, poti palibe amene ankadziwa dothi la pamenepo kuposa iye. Anavomera. Achinyamata amabwera kudzamufunsa mbali imene matayala agwire bwino, ndipo amawauza zoona onse, kupatula mwana wa Tano, amene amayamba wamunamiza kaye.