Njira Imene Achimwene Anasalaza

Pali anthu amene amalipira kuti avutike. Ine sindinkakhulupirira zimenezi mpaka tsiku limene mayi wina anatsika phiri la kumtunda kwathu pa njinga, matope mpaka m'makutu, n'kudzaima pashedi yanga yokonzera njinga tcheni litaduka. Ndinadikira kuti atukwane njira yathu monga amachitira aliyense. Koma iye ankangoseka, mano onse pamtunda.

"Bambo, njira ngati iyi sindinaipezepo kwina kulikonse," anatero akuvula chisoti.

Kuyambira pamenepo tinkangomuti Mayi Chisoti. Ntchito yake inali yosankha malo ogona alendo amene amabwera kutchuthi kudzapalasa njinga m'mapiri. Malo oti asankhepo anali awiri: tauni ya kuseri kwa phiri, kapena mudzi wathu. Tauni inali ndi mahotela ndi madzi otentha, koma alendo ankafunika kunyamulidwa pagalimoto kuti akafike kophiri. Ife tinalibe chilichonse kupatula njira yoipa ija, ya miyala, mizu ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Inkachokera pamwamba, n'kudutsa pakhomo penipeni pa nyumba imene bambo athu anatisiyira, mpaka kukagwera mumsewu waukulu.

Nyumba imeneyo ndiyo inatidanitsa ndi achimwene. Bambo anaimanga ndi manja awo, khonde lalitali, zitseko zolemera zimene zimalira ukamatsegula. Achimwene ankafuna kuigulitsa kwa mkulu wina wogula mbewu kuti azisungiramo matumba. Mkuluyo anabwerapo kamodzi, lole n'kuisiya kumsewu, iye n'kukwera wapansi ali wefuwefu. Anati nyumba ndi yabwino, koma nyumba yosafikako galimoto ndi ya anyani.

Ine ndinkafuna ikhale yogonamo alendo a njinga. Tinakangana mpaka alamu anatulutsa ana panja. Pomaliza achimwene anamenya tebulo.

"Chabwino! Mayi wakoyo akasankha kuno, nyumba isagulitsidwe. Akasankha kutauni, usadzanditsegulirenso pakamwa."

Ndinagwira ntchito ngati bulu. Ndinapaka laimu zipinda zonse, ndinakhoma ngowe pakhonde zopachikapo njinga, kuseri ndinaikako mgolo ndi payipi potsukira matope. Achimwene ndinawafotokozera bwinobwino kuti anthu amenewa chimene akufuna ndi miyala, kuti njinga ikamadumpha ndiye mtima wawo umakhala pansi. Anagwedeza mutu, ndipo anandigwirira makwerero pamene ndinkakhoma malata. Ndinakondwa. Ndinati chibale ndi fupa, sichiola.

Kenako ndinapita kutauni kukasaka matayala, machubu ndi mabuleki a njinga zamtunduwo, n'kudikira komweko Mayi Chisoti, amene ankabwera ndi bwana wake kudzamuonetsa njira ija. Tinabwerera limodzi pagalimoto yawo, njinga ziwiri zili padenga. Njira yonse mayiyo ankauza bwanayo za mwala wina waukulu wa pamphepete pa mtengo wa mkuyu, pamene njinga imauluka.

Titafika pokhotera kwathu, dalaivala anafunsa ngati tasochera.

Njira ija panalibe. M'malo mwake munali msewu wofiira, wotakata, wosalala ngati pansi pozira. Mizu anadula. Ngalande anakwirira. Mwala wa pamkuyu anaugubuduzira kumbali. Matayala a katapila, chigalimoto chosalaza misewu, anali akuonekabe m'dothi kuyambira pansi mpaka pamwamba pa phiri. Pakhomo panali achimwene, atavala jekete la kutchalitchi, manja ali kumbuyo.

"Takulandirani!" anatero. "Mlendo ndi mame. Sitingalole kuti adzathyoke miyendo pakhomo pathu."

Bwana uja anatsitsa njinga, anakwera nayo phiri, n'kutsika osagwira ndi buleki yomwe. Anavula magolovesi pang'onopang'ono.

"Apa ngakhale wonyamula mazira pamutu angatsike," anauza Mayi Chisoti. "Ukufuna alendo anga abwere kudzagona tulo pa njinga?"

Mayiyo sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Anayang'ana ngowe zanga pakhonde, anakhudza imodzi, n'kunena chapansipansi kuti, "Pepani bambo. Tikhala kutauni."

Galimoto isanazimiririke n'komwe ndinali nditawagwira achimwene pakolala.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Iwe, chotsa manja! Ndine mkulu wako."

"Ndinakuuzani kuti akufuna miyala!"

"Ndimayesa ukuseka. Munthu wamutu wake angakonde miyala? Ine ndimafuna kukuthandiza, taona mmene ukundithokozera."

Ndinawasiya. Ndinalowa m'shedi n'kuponya sipanala kukhoma, mpaka inaboola lata. Ndinakwiya nawo, ndinadzikwiyiranso ndekha, chifukwa nkhope yawo inali ya munthu wolakwiridwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi umbuli chabe. Kwathu mlendo akamabwera timasesa pabwalo, timabisa zonyansa kuseri. Achimwene anangosesa phiri lonse. Mbuli ungaiphe? Alamu atabwera kudzandipepesa, ndinawauza kuti akawauze amuna awo kuti nkhani yatha, pangano ndi pangano.

Mmawa wa tsiku lotulutsa katundu ndinali pakhonde, ndikuzula ngowe zanga imodziimodzi. Ndinamva lole ikukwera, injini ikuyimba bwinobwino, osatsokomola ngakhale kamodzi. Inadzaima pakhomo penipeni, pamene lole yamtundu uliwonse inali isanaimepo chimangire nyumbayo. Mkulu wogula mbewu anatsika wopanda thukuta ndi dontho lomwe. Ine sanandione. Analunjika kwa achimwene, n'kuwagwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Ndinu munthu wosunga mawu," anatero mokweza. "Ndinati mukonze msewu ndigula, ndipo mwakonzadi. Katapila wanga uja anagwira bwino ntchito eti?"

Achimwene anatembenuka pang'ono, maso athu n'kukumana. Ine ndinatsika pakhonde la bambo, ngowe zili m'manja, n'kuyamba kutsetsereka. Njirayo inali yosalala kwambiri moti ndinasowa ndi mwala womwe woti nditole.