Tiranki ya a Yonasi

A Yonasi a ku Mualadzi anali munthu wosunga zinthu. Ena amasunga kuti adzagwiritse ntchito mawa, koma iwo ankasunga kuti wina asaone. Chilichonse chonyezimira chikalowa m'nyumba mwawo, kaya ndi tochi, kaya ndi lumo latsopano, chinkagona m'tiranki, bokosi lachitsulo limene anabwera nalo kuchokera ku Zambia m'chaka cha 1994, othawa nkhondo akubwerera kwawo. Tirankiyo inkakhala kunsi kwa bedi ndipo kiyi wake ankalendewera m'khosi mwa mwini wake. Akazi awo, a Debora, anasiya kalekale kulimbana nazo. Ankangoti, "Tsiku lina mudzatsekeramo ine."

Ku Zambiako kunatsala mlongo wawo wamkulu, a Ernestina, amene anakwatiwa komweko adakali kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. Zaka pafupifupi makumi atatu zinadutsa awiriwa osaonana. Pa kafoni ka mabatani ankamvana mwa apo ndi apo, mawu akudukaduka, mwina n'kudukiratu moni asanathe. Tsopano kunabwera uthenga woti a Ernestina akudwala mtima ndipo Lolemba la sabata yamawa akupita ku Lusaka kukachitidwa opaleshoni. Mdzukulu wa a Ernestina, Shyreen, yemwe anali ndi foni yoonetsa nkhope, anati adzapezeka kumudzi kwa agogo akewo Loweruka lokha, ndipo adzaimba 3 koloko masana kuti agogo ake aone mlongo wawo. Pa msinkhu wa a Ernestina aliyense ankadziwa kuti ulendo wotere ena sabwerako, koma panalibe wofuna kutchula.

Ntchito yokonza zoti awiriwa aonane inagwera Cátia, chitsirizira cha a Yonasi ndi a Debora, mphunzitsi wa ku Chifunde. Lamlungu anatulukira pa njinga yamoto atanyamula kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri. Iye ankati ndi roteyadori, mwa Chipwitikizi chake cha kusukulu, koma amayi ake lilime linakana, n'kungoti kabokosi.

"Foni payokha siikoka bwino rede, netiweki ija, kuno kuchigwa," anatero Cátia. "Koma aka kali ndi makutu aatali. Kazikoka kunsanja ya mafoni ili paphiri paja, n'kumagawira foni m'nyumba muno."

Anakaika patebulo, n'kulowetsa khadi kumbuyo kwake, n'kulumikiza chingwe ku batire la sola. Kenaka anakatembenuza, n'kukopera pafoni manambala olembedwa kunsi kwake, ndipo panatseguka tsamba lodzaza timizere. Analembamo mawu amene anamulembera papepala kusitolo ya kampani ya mafoni, anapatsa kabokosiko dzina loti KwaYonasi, n'kuika senya, mawu achinsinsi otsegulira. Za dzinalo atate ake sanazikonde, poti munthu wodutsa pamsewu akhoza kuliona pafoni yake, koma za chinsinsizo anagwedezera mutu. Kanyale kofiira kanaphethiraphethira, kenaka kanasanduka kobiriwira. Cátia anaonetsa amayi ake podina pa foni yake yakale imene anawasiyira, anamwa madzi, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke.

Fumbi la njinga lisanathe n'komwe, a Yonasi anali atagwada kale pambali pa bedi. Chinthu choyera mbee ngati chimenecho, chokhalanso ndi nyale, chingakhale patebulo ngati mbale? Anakakulunga bwinobwino, n'kukagoneka m'tiranki, ndipo chingwe anachitulutsira pa kabowo ka dzimbiri ka pangodya. Anadzitama mumtima kuti aganiza ngati munthu wamkulu: moto ukulowa, katundu ali pabwino, ndipo palibe diso la munthu lingamuone.

Lachitatu a Debora anati ayeserere kudina, kuopa kudzachita manyazi Loweruka. Foni inangoti duu. Anaimbira Cátia pa kafoni ka mabatani, ataima pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe mawu ankamvekako.

"Amayi, taonani kanyale. Kakuoneka bwanji?" anafunsa Cátia.

A Yonasi anathamangira m'nyumba, anatsegula tiranki, n'kutulutsa kabokosi kuja kukaika pabedi. "Kofiira!" anakuwa. A Debora anapereka uthengawo. Asanamalize, amuna awo anakuwanso, "Iyayi, kabiriwira!"

"Ndiye basi, inali rede chabe, imatero nthawi zina," anatero Cátia. Foni inagwiradi. A Yonasi anausa moyo, anayamikira nzeru za mwana wawo yemwe amachiritsa zinthu ndi mawu okha ali ku Chifunde, n'kubwezera kabokosi m'tiranki, loko khethe.

Lachisanu foni inafanso. Tsoka ilo, a Teodora oyandikana nawo anali atabwera kudzabwereka sefa, ndipo a Teodora sanaonepo vuto limene alibe mankhwala ake. Anati mwana wawo wa ku Tete kabokosi kotere kakamuvuta amangobaya kabowo ka kumbuyo ndi singano, zonse n'kudzuka. A Debora anauza amuna awo kuti akatulutse, anasolola singano pa duku, n'kubaya mpaka tinyale tonse tinathima n'kuyakanso. Kabokosi kanadzukadi, koma kanadzuka kataiwala zonse zimene Cátia anakaphunzitsa. Dzina la KwaYonasi linasowa pafoni, ndipo kanyale kanakhala kofiira tsiku lonse, ngakhale kanali patebulo.

Apa a Yonasi mantha anawagwira zenizeni. Anakalipira akazi awo, anakalipira singano, anakalipira a Teodora ndi sefa yomwe. A Debora anawasiya kuti athe mpweya, kenaka anati, "Bambo a Cátia, kalipani, koma mlongo wanu sabwera ndi mkalipo." Iwo anatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Anayesa kukumbukira nkhope ya a Ernestina, koma imene inkabwera inali ya mayi wa zaka makumi anayi ataima pambali pa lole, akubayibitsa ndi mpango. Nkhope ya lero sankaidziwa, ndipo zinawapweteka kuganiza kuti mwina sadzaidziwa konse.

Loweruka Cátia anali ndi msonkhano wa aphunzitsi mpaka 11 koloko. Njinga yamoto imene anakwera inaphulika tayala panjira, moti anafika 2 koloko itadutsa kale, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Moni anapereka ali chiimire. Anakhala patebulo n'kuyambiranso zonse: manambala a kunsi, tsamba la timizere, mawu a papepala lija lomwe mwamwayi linali likadali m'chikwama, dzina, senya. Kawiri konse analakwitsa chilembo. A Yonasi anaima kumbuyo kwake. Kanyale kanaphethira, kanaphethiranso, kenaka kanabiriwira.

"Ambuye alemekezeke," anatero a Debora.

A Yonasi sanataye nthawi. Ananyamula kabokosi ndi manja awiri n'kulunjika kuchipinda.

"Atate, mukupita nako kuti?"

"Pamalo pake, mwanawe."

Cátia anawatsatira, ndipo anawapeza akukoka tiranki kunsi kwa bedi. Anayang'ana tiranki, anayang'ana kabowo ka dzimbiri, anayang'ana atate ake. "Musandiuze kuti sabata yonseyi kamakhala m'menemu!"

"Nanga kazikhala kuti? Moto umalowa bwinobwino. Ndinasiya njira ya chingwe."

"Atate inu! Chitsulo chimatseka rede! M'menemu sikangamve nsanja, ndipo foni singakamve. Ndiye chifukwa chake Lachitatu kanagwira mutangokatulutsa!" Anagwira mutu. Ankafuna kuseka, ankafunanso kulira, poganizira tayala lija ndi msewu wonse wa ku Chifunde.

Koma chivindikiro chinali chitatseguka, ndipo Cátia, amene chibadwire sanaloledwepo kusuzumira m'tirankimo, anaona zili m'kati. Munali makhadi awiri achikasu a kumsasa, tochi zitatu zosayatsidwapo, ndi wailesi yakale yakuda itakulungidwa m'chitenje chothetheka.

"Ya agogo ako imeneyo," anatero a Yonasi, mawu atatsika. "Nthawi ya nkhondo anthu amfuti akapeza wailesi m'nyumba ankati mwini wake ndi kazitape. A Samuele a patsidya paja anawatenga chifukwa cha wailesi, sanabwerenso. Ife tinkamvera titafunda bulangeti, khutu pa sipika. Tsiku lothawa azakhali ako a Ernestina anaiika pansi pa dengu, pamwamba n'kuthira ufa, n'kuisenza mpaka ku Zambia. Ndiye iwe ukuti chinthu cha tinyanga ndichiike poyera?"

Cátia kuseka kunamuthera. Anayang'ana foni, ndipo inali 2:46. "Atate, ndamva. Koma ngakhale patebulo paja rede ndi yochepa. Uthenga ungadutse, nkhope singadutse bwino. Kakufunika pazenera la kumsewu, loyang'ana kuphiri, ndipo zenera likhale lotsegula."

Zenera la kumsewu linali la matabwa, ndipo a Yonasi ankalitsegula pokhapokha m'nyumba mukalowa utsi. Anaima chilili, kabokosi atakakumbatira pachifuwa. Kunja kunkadutsa anthu ochokera kuchigayo, amayi a Zioni atavala zoyera, wanjinga atamanga nkhuku pakaliyala. Onsewo akanaona. Mutu unkawauza kuti palibe chimene chingachitike, koma mantha a zaka zija anali asanawachoke.

A Debora anayandikira, ndipo ulendo uno sananyoze. "Bambo a Cátia, akubwera ndani? Tandiuzani dzina lake. Tinabwerera, tinalima, tinabereka uyu, wakula mpaka akuphunzitsa ana a anthu. Amene mukumubisirayo sanabwere zaka zonsezi. Amene akubwera lero ndi mlongo wanu."

A Yonasi anapita okha pazenera, anamenya kabawo kotsekera ndi chikhatho poti kanali katachita dzimbiri, ndipo matabwa anatseguka molira. Kuwala kunalowa mpaka pa tiranki. Anaika kabokosi pafelemu, n'kuimika tinyanga take tiwiri moyang'ana kuphiri. Mayi wina wa Zioni anatembenuka, anawapatsa moni, n'kupitiriza ulendo wake. Wanjinga uja sanayang'ane n'komwe.

"Timizere tadzaza tonse," anatero Cátia, n'kukhala pansi ngati wamasulidwa mtolo wa nkhuni.

3 koloko inakwana, foni ili chete. Inadutsa ndi mphindi zisanu, kenaka khumi. A Yonasi anayamba kuponya maso kuzenera ngati kuti kabokosi kawapereka. Kenaka foni inalira. Cátia anadina, n'kuwapatsira m'manja. Poyamba panaoneka denga la malata ndi chibwano cha mtsikana, kenaka chithunzi chinagwedezeka n'kukhazikika pa gogo wa imvi mbuu, wowonda, wa mpata kumano. Mpata umenewo a Yonasi akanauzindikira ngakhale pakati pa msika. Anakhala pa tiranki.

"Alongo," ananong'ona, foni ataiyandikiza kukamwa ndipo mutu atauweramitsa. "Alongo, ndine."

"Ndani ameneyu wadazi chonchi?" anafunsa a Ernestina. "Shyreen, wandiimbira munthu wolakwika. Mlongo wanga ali ndi tsitsi!" Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. A Yonasi nawo misozi inali chuchuchu, osaipukuta. Ananong'onanso kuti ali bwino, kuti chimanga chachita bwino chaka chino, kuti akuwapempherera.

A Ernestina anasendeza khutu kufoni, kenaka anakwinya nkhope monga ankachitira mlongo wawoyo ali kamnyamata. "Iwe Yonasi, pakamwa pakuyenda koma sindikumva kanthu. Ukunong'ona chifukwa chiyani? Uli m'bulangeti? Ine makutu anatha, ndipo ndilibe zaka zina makumi atatu zokudikira. Lankhula!"

A Yonasi anayang'ana zenera lotsegula lija, ndi msewu, ndi anthu odutsa. Anaimirira, anakokera mpweya, n'kukuwa mpaka nkhuku za pakhonde zinabalalika ndipo a Teodora anasuzumira pampanda.

"Alongo! Ndine Yonasi! Ndili kwathu ku Mualadzi, m'nyumba mwanga! Mukundimva?"

"Eya," anatero a Ernestina, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tsopano ndakumva."