Chibenthu Chachisanu ndi Chimodzi

"Zili zisanu! Zisanu basi!"

Sharee analowa m'khitchini akuthamanga, chitseko n'kuchisiya pululu, mphepo yozizira n'kulowa naye limodzi. M'manja anali atanyamula zibenthu za nsungwi zitalizitali, zowonda ngati udzu. Ine ndinakuwa kuti atseke chitsekocho poti chibayo chimalowera pakhomo, ndiponso kuti agwire bwino poti nsungwi yopalidwa imacheka kuposa lezala. Palibe anandimva. Pakhomo pamene pagwa maliro, nkhalamba imalankhula ndi ketulo.

Linali Lolemba. Mlongo wanga Alwyn Rainbird, bambo wa nyumbayo, tinali titamuika Lachisanu. Mtima unamuimira ali pabenchi lake m'shedi, epuloni ili m'chiuno. Zaka makumi anayi anakhala akupanga ndodo za mbedza, zija zoponyera ntchentche ya nthenga, ndipo anthu ankachokera ku Melbourne kudzalembetsa dzina kuno kumapiri a Tasmania, n'kudikira zaka ziwiri osadandaula. Ndodo yotere si nsungwi yongodula kutchire. Umang'amba nsungwi imodzi, n'kupala zibenthu zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha mbali zitatu, kenako n'kuzimata pamodzi kuti zikhale ndodo imodzi.

"Ndodo yomaliza ya bambo," anatero Sharee akupumira m'mwamba. "Tsinde anamaliza kale, lili m'thumba lake lansalu. Yatsala nsonga yokha. Koma chibenthu chimodzi palibe."

Mchimwene wake Gavin anali patebulo, maso ali pafoni. Iyeyu amagwira ntchito kumigodi, kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwera maliro ali pakhomo.

"Ziponye m'bokosi la nkhuni," anatero osadzutsa mutu. "Loweruka Bambo Pennicott, wogula katundu wakale uja, akubwera ndi lole. Atenga zonse za m'shedimo, nyumba tigulitse, amayi apite ku Launceston pafupi ndi chipatala. Tinagwirizana."

"Munagwirizana ndi foni yanuyo, achimwene. Loweruka nyengo yowedza ikutsegulidwa. Bambo sanajombepo tsiku limenelo, ndipo ndodo iyi ipita kumadzi."

"Ndiye ng'amba china. Kudenga kuli nsungwi makumi atatu."

"Fumbi la kumigodi lakulowani m'mutu eti? Ana a mimba imodzi! Mwaiwala?"

Limenelo linali lamulo la Alwyn. Zibenthu zonse zichokere ku nsungwi imodzi. Ukaikamo cha nsungwi ina, chimapindika mwa icho chokha, ndodo n'kukhota ngati mchira wa galu.

Mayi awo Noelene anali pachitofu, atatipatsa msana. Chimwalirireni mwamuna wake, mawu amene analankhula sanakwane khumi.

Gavin anatola chibenthu chimodzi kuti achiponye yekha m'bokosilo. Dzanja linaima m'malere. Anachitembenuza, n'kupita nacho pawindo. Pafupi ndi mfundo yachiwiri panali banga lakuda, lopsa. Anatola china. Banga lomwelo. China, lomwelonso.

"Iyi ndi nsungwi yanga," anatero ndi mawu ang'ono.

Nkhani yake tonse tinkaidziwa, ngakhale palibe ankaitchula. Nsungwi isanang'ambidwe amaiwaula ndi lawi la moto kuti ilimbe. Gavin ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo ake anamupatsa nsungwi yabwino koposa kuti apange ndodo yake yoyamba. Lawi linachedwa pamalo amodzi, pakada. Alwyn, pamaso pa alendo awiri, anati, "Manja ako ndi ometera nkhosa." Sabata isanathe mnyamatayo anakwera sitima yapamadzi. Ndimanena ine kuti lilime lisamatuluke mtima uli wotentha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinapita. Gavin ankabwera apo ndi apo kudzaona mayi ake, koma m'shedi sanapondemonso.

"Ndinkayesa anaisonkhezera moto," anatero. Kenako anamenya tebulo, makapu n'kudumpha. "Ndiye mukudikira chiyani? Chachisanu ndi chimodzi chili kuti?"

Nyumba yamaliro ija inasanduka msika. Sharee analowa pansi pa benchi, miyendo yokha ikuoneka. Gavin anakwera kudenga la shedi, n'kumatsitsa nsungwi imodziimodzi. Ine ndinaima pakhomo ndikuchenjeza. M'makona amdima mumakhala akangaude a msana wofiira. Mumulu wa nkhuni mumagona njoka nyengo yozizira, ndipo njoka yodzutsidwa kutulo siifunsa dzina. Makwerero a m'shedimo anathyokapo kale phazi limodzi.

"Azakhali," anakuwa Gavin ali kudenga, "chilipo chinthu padziko pano chimene sichipha?"

"Tiyi," ndinayankha, "bola akazizira pang'ono."

Anafufuza m'galimoto, m'bwato, ngakhale m'dimba pamene Noelene amazika timitengo ta nyemba. M'jombo zowedzera Sharee anapeza mano oikirira a bambo ake amene anasowa chaka chathachi, amene Alwyn ankati galu anawameza. Anawanyamula m'mwamba ngati wagwira nsomba yaikulu. Noelene, amene anali atabwera ndi masikono, anaseka mpaka kukhala pansi pachitsa. Kanali koyamba kumva kuseka pakhomopo.

Koma chibenthucho sichinapezeke. Dzuwa litapendeka, Gavin anapukuta manja n'kukhala pakhomo la shedi.

"Basi. Mwina anachiwononga popala, n'kuchitaya. Loweruka lole ibwere."

Koma ine panali chimene ndinabisa. Gavin atabwera anakana kugona m'nyumba ya bambo ake, nakapeza malo kuhotela ya m'tauni. Ndiye chipinda chake chakale anandipatsa ine. Tsiku loyamba lomwe ndinaona chinthu chachitali pamwamba pa kabati ya zovala, chokulungidwa m'malaya a malemu, dzanja la malayawo likulendewera ngati munthu akundikodola. Ine zovala za wakufa sindikhudza. Ndinangotembenuzira mpando kukhoma, osauza munthu.

"Pamwamba pa kabati," ndinatero. "Koma wina asandiuze kuti ndikatenge ine."

"Azakhali Dulcie! Tsiku lonseli tikudya fumbi, inu muli chete?"

"Munandifunsa?"

Anathamanga onse awiri ngati ana, akukankhana pakhomo. Gavin ndi wamtali, anangotambasula dzanja. Ndi pamalo pamene ankabisa ndudu zake ali mnyamata, akuganiza kuti bambo ake sakudziwa. Anamasula malayawo pabedi. Munali chibenthu cha banga lopsa, chowongoledwa bwino koma chosapalidwa. Pambali pake panali kachopalira kakang'ono ka Gavin, kamene anakasiya tsiku lija. Kanali kopakidwa mafuta. Gavin anatulutsa mpeni wa kachopalirako, nauyendetsa pamkono, ubweya n'kugwa.

"Wanoledwa posachedwa," anatero.

Anakutumula malayawo kufuna kalata. Munalibe. Alwyn sanali munthu wa makalata.

"Upale ndiwe, Sharee," anatero Gavin.

"Ine? Yanga ndi ulusi ndi vanishi. Chopalira sindinachigwirepo. Ndipo sanachiike pamwamba pa kabati yanga."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwe. Ndikachiwononga palibe china."

"Ndiye musachiwononge, a Manja Ometera Nkhosa."

Ndinatseka maso poganiza kuti nkhondo yayamba. Koma Gavin anaseka, kuseka kogwetsa misozi.

Lachiwiri m'mawa, kuwala kutalowa bwino pawindo la shedi, anavala epuloni ya bambo ake. Chikombole chachitsulo, chija chokhala ndi ngalande yogonekamo chibenthu popala, chinali pabenchi. Gavin anayeza ngalandeyo malo ndi malo, napeza kuti Alwyn anaisiya yotchera kale, ikungodikira. Anayamba wayesera dzanja pazibenthu za nsungwi ina. Choyamba chinathothoka pamfundo. Chachiwiri chinamucheka chala, monga ndinanenera. Chachitatu chinatuluka chosalala.

"Azakhali," anatero akugoneka chenicheni chija m'ngalande, "mukangoti 'samala', ndikunyamulani n'kukakuikani panja."

Ndinaluma mpango wanga.

Chopalira chinayenda. Fyuu! Kampukutu ka nsungwi kopyapyala kanatuluka, kakudzipinda ngati tsitsi la khanda. Gavin anakayang'ana kanthawi, nakaika m'thumba la epuloni. Anapala mbali iyi, natembenuza, napala inayo. Timipukutu tinadzaza pansi. Shedi yonse inanunkhira nsungwi, fungo la Alwyn lenileni, moti ndinacheuka kawiri kuyang'ana kumbuyo kwanga.

Choopsa chili kunsonga. Kumeneko chibenthu chimawonda kuposa mtengo wa machesi, ndipo mpeni ukangokodwa, basi zatha. Atafika pamfundo ya banga lopsa, pamene nsungwi ndi youma gwa, chopalira chinalira mwachilendo. Gavin anaima. Thukuta linali pamphumi ngakhale kunja madzi anali ataundana m'ndowa. Sharee anagwira dzanja langa mpaka kuwawa. Gavin anachotsa mpeni, naunolanso pang'onopang'ono pamwala, naubwezera. Anapendeketsa chopaliracho pang'ono, monga ankachitira bambo ake, napuma, nakankha.

Chinadutsa.

Anaika zibenthu zonse zisanu ndi chimodzi pamodzi, nazikulunga ndi chingwe, nazipenyetsetsa pawindo. Panalibe mpata ngakhale wolowa tsitsi.

"Zagwirana!" anakuwa Sharee, akulumphalumpha mayi wa ana atatu. "Amayi, bwerani mudzaone, zagwirana!"

Masiku otsatirawo palibe anakhala pansi. Guluu sadikira munthu, ndiye pomata aliyense anapatsidwa ntchito. Gavin ankapaka, Sharee akupukusa chomangira chingwe, Noelene akupukuta zodontha. Ine anandipatsa wotchi, ngakhale anadziwa kuti sukulu sindinaione, poti kwathu sukuluyo inali kutsidya kwa mtsinje ndipo amayi ankaopa madzi monga ine. Ndinangokuwa "Fulumirani!" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo zinathandiza. Nsongayo anaipachika pafupi ndi chitofu kuti iume. Itauma Gavin anaipala guluu wotsalira, Sharee n'kumangirira timphete todutsamo chingwe ndi ulusi wofiira wa silika. Popaka vanishi analetsa aliyense kutsegula chitseko, kuopa fumbi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, anthu ena ndi amene ankakuwa za chitseko. Gavin anakatenga katundu wake kuhotela, nagona pampando wa pabalaza.

Loweruka kunacha kuli chisanu choyera paudzu. Gavin analumikiza nsonga ndi tsinde, natuluka pabwalo. Anaikweza ndodo, chingwe chinapita kumbuyo, chinawongoka, kenako chinabwera kutsogolo n'kugona paudzu mwakachetechete, kanthenga kakutera pafupi ndi mpanda. Mabanga opsa aja ankaoneka m'ndodo monse, apa ndi apo, ngati mawanga a nsomba.

Ndi pamene lole ya Bambo Pennicott inalowa. Anatsika akusisita manja, maso ali pandodo.

"Ya Rainbird imeneyo? Sindinaonepo ya mawanga. Tiiphatikize pakatunduyo."

"Iyi ikupita kumadzi," anatero Gavin. "Ndipo pepani bambo, mwawotcha mafuta anu pachabe. Nsungwi za kudenga zija sizinaume."

"Sizinaume? Munandiuza nokha kuti zakhala zaka makumi atatu!"

"Kuno kumapiri zinthu zimachedwa kuuma. Zina zimatenga zaka makumi awiri ndi ziwiri kungoti zipalidwe."

Munthuyo anang'ung'udza, koma Noelene anamupatsa tiyi ndi masikono, nachoka mtima uli pansi.

"Nanga Launceston?" anafunsa Sharee akukweza jombo m'galimoto.

"Tidzakambirana nyengo yowedza ikatsekedwa. Fulumira iwe, nsomba sizidikira wopaka vanishi."

Ndinawauza za miyala yoterera, za madzi ozizira amene amagwira mtima, ndiponso kuti mbedza ilibe m'bale, imakola ngakhale khutu la mwini wake. Sharee analiza hutala. Koma Gavin, m'malo mokwera, anabwereranso m'nyumba. Ndinamutsatira poganiza kuti waiwala chipewa. Noelene anali patebulo ndi kapu yake. Gavin anapisa dzanja m'thumba la epuloni imene inali pamsomali, natulutsa kampukutu koyamba kaja, nakaika pakambale ka kapu ya mayi ake. Anatuluka, chitseko n'kuchitseka bwinobwino.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndichenjeze za zinyalala pafupi ndi tiyi, koma nditaona nkhope ya mlamu wanga ndinatseka. Noelene anaimirira, natsitsa chitini chakale cha mabisiketi pashelefu yapamwamba. Atachivundukula, munali timipukutu ta nsungwi todzaza mpaka kukamwa, tina titada ndi ukalamba.

"Ndodo iliyonse, kampukutu koyamba kanali kanga," anatero. "Amangokaika apa, n'kubwerera kushedi. Pakamwa analibe mawu munthu uja, mukumudziwa mlongo wanu. Koma ka ndodo iyi sanandibweretsere. Ndinkati ukalamba wamuiwalitsa, osadziwa kuti anasiyira mwana wake."

Anakanyamula kampukutuko ndi zala ziwiri, nakagoneka pamwamba pa tinzake, natseka chitini pang'onopang'ono kuti kasaphwanyike.