Kangowe ka Kumanja

Pa perete wa mamendulo, anthu amaona mkulu wa asilikali akukoleka mendulo pachifuwa cha munthu kamodzin'kamodzi, iwo n'kumaomba m'manja ngati wachita zamatsenga. Zamatsenga zake ziti? Pamenepo pamakhala kangowe, kachitsulo kakang'ono kokhota kosokeredwa pa jekete perete asanayambe, kuti bwana asamalimbane ndi phini pamaso pa anthu, mwina mpaka kubaya nayo ngwazi ya dziko. Amene ankasoka tingowe timeneti m'kampumo anali Kopolo Telala, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ntchitoyi palibe anamuomberapo m'manja.

Tsiku limeneli anatsekula chipinda chake chosokera 7 koloko isanakwane. Perete anali wa 2 koloko masana. Majekete khumi anali atapachikika kale pa waya, iliyonse ndi kangowe kake kumanzere, zala zinayi pamwamba pa thumba. Anawaunikanso onse khumi, ngakhale kuti dzulo anali atawaunika kawiri. Anayatsa simbi, n'kuizimitsa. Anasesa pansi posesasesa kale. Atakhala pa mpando wa makina anadzukanso nthawi yomweyo, ngati pali nsikidzi.

Chomwe chinkamudya chinali jekete ya nambala 11, imene inali isanafike. Imeneyi sinali yunifolomu ayi. Inali jekete ya munthu wamkazi, mlamu wake, mkazi wa mng'ono wake.

Lamulo lake n'losavuta, ngakhale msilikali wolowa dzulo amalidziwa. Mendulo yako umavala kumanzere, pamtima. Mendulo ya m'bale wako amene anamwalira umavala kumanja. Basi. Palibe amalengeza pa chimkuzamawu, koma bwalo lonse likaona mendulo kumanja limadziwa kuti mwini wake kulibe.

Nanga mng'ono wakeyo anamwalira? Apa ndiye panali nkhani. Iye anali wa mauthenga, wonyamula wailesi kumsana. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo, kunkhondo ya kutsidya kwa malire, gulu lake linazingidwa pa sukulu ina yogumukagumuka, ovulala ali khumi ndi asanu ndi anayi. Wailesi inkakana kugwira pansi. Iye anakwera nayo pamwamba pa thanki ya madzi, poonekera aliyense wokhala ndi mfuti, n'kulondolera helikopita ziwiri mpaka zinatera pabwalo la mpira. Atamukuwira kuti atsike, anati pitani, yachitatu ikufuna woilondolera. Yachitatuyo inatera ndithu, koma iye sanatsike. Patapita masabata asanu ndi limodzi, asilikali atalanda malowo, anapeza wailesi pansi pa thanki, munthu osamupeza. Pepala la akuluakulu linangoti sakudziwika komwe ali. Kopolo ankalidziwa pamtima pepala limenelo, ndipo mawu oti imfa munalibemo.

Cha m'ma 8 koloko chitseko chinatsekuka osagogoda. Ndi a Sajeni Meja okha amene ankalowa choncho. Anayenda pa mzere wa majekete, akukankha iliyonse ndi nsonga ya ndodo yawo.

"Khumi. Ya nambala 11 ili kuti, Kopolo?"

"Ikubwera, bwana."

"Kumanja imeneyo."

"Bwana, pepala lija likuti sakudziwika komwe ali."

"Ndiye ufuna kumanzere? Mayiwo ndi amene anakwera thanki?"

"Ayi bwana. Koma ngati akungomusungira…"

"Mendulo si njinga yosungitsa kwa aneba." A Sajeni Meja anapanira ndodo kukhwapa n'kulunjika kukhomo, koma atafika pamenepo anaima. Atayankhulanso, mawu awo sanali a pabwalo la perete aja. "Ine ndinakwera helikopita yachiwiri, Kopolo. Ndinkamumva pa wailesi ya woyendetsa. Ndinamumva mpaka pamene anadukira. Usandikakamize kuti ndinene zambiri m'mawa uno. Alamu akowo wawauza tanthauzo la kumanja?"

"Ndiwauza, bwana."

"Unatero sabata yatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Kuwauza! Kunena n'kosavuta ukakhala ndi ndodo kukhwapa. Kopolo ankapita kwa mlamu wakeyo Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Ankapeza nsapato za mng'ono wake zili pakhomo, zopolishidwa mpaka kumadzionera nkhope. Ankakhala pa mpando wapafupi ndi zenera, n'kumacheza za akabwera: akabwera tikonze denga la bafa, akabwera mumunenepetse, akabwera akaone amayi kumudzi, poti amayiwo foni iliyonse funso n'lomwelo. Mlamuyo ankavomera zonse ndi mutu, akumwetulira. Ndiye munthu wotereyo ukamuyambe bwanji? Kuti alamu, lero mukaima pamaso pa anthu chikwi mutavala chizindikiro cha umasiye? Kopolo ankachita mantha, tisabise. Ankaopa kumuswa mtima mayiyo, ndiponso ankaopa kumva mawuwo akutuluka m'kamwa mwake mwa iye mwini.

Bandi inayamba kuyeserera kuseri kwa chipindacho. Woimba lipenga wina ankaphonya malo amodzimodzi, bandi yonse n'kuyambiranso, kuyambiranso, mpaka Kopolo anatseka zenera mwamphamvu, choko n'kugwa pa shelefu. Anatola zidutswa zake. Anatuluka panja kukasuzumira msewu wochokera ku nyumba za mabanja, n'kubwerera. Anatulukanso. Wophika wina wodutsa ndi ndowa anamufunsa ngati watsekula m'mimba.

Mlamu anafika 11 koloko itadutsa, jekete ili m'pepala la pulasitiki, thukuta lili pamphuno.

"Pepani alamu, ndachedwa. Kuntchito anakana kundimasula msanga, akuti mendulo sigulitsa mankhwala." Ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala kunja kwa geti. "Nayi. Koma musandiseke."

Inali jekete yabuluu wodera, ya pa ukwati wa mnzake zaka zitatu zapitazo. Ataivala, mapewa anagwa, manja a jekete n'kumeza zala.

"Imeneyi mwabwereka kwa a Sajeni Meja?" anatero Kopolo.

"Ndinati musandiseke! Ndi yanga yomwe. Yakula yokha m'kabati."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Kopolo anatenga mapini n'kuyamba kupinda mapewa. Munthuyu anali atatha, abale, mafupa a m'khosi ali poyera. Apa ndi pamene akananena. Anatsekula pakamwa, mapini ali pakona ya milomo.

"Alamu, pali kanthu kena."

"Ee?"

"Mabataniwa. Limodzi likugwedera."

"Mulimbitse, inu ndinu eni ntchito." Mlamuyo anamuyang'ana kanthawi, kenako anavula jekete n'kuiika pa tebulo. "Akuti tipite kubwalo akatisonyeze poima ndi poyenda. Ndibwera 1 koloko ikadutsa."

Anatsala yekha ndi jeketeyo. Mapewa anawabweza mwa mphindi makumi awiri, manja anawapinda, batani analimbitsa, ndi ena onse omwe sankagwedera. Anasita. Kenako panalibenso china chochita, kunja kwa chija.

Anayala jekete pa tebulo, anayeza zala zinayi, n'kulemba kamtanda ka choko kumanja. Anakayang'ana kamtandako. Anakafufuta ndi chala chonyowetsa ndi malovu. Anazungulira tebulo, n'kulembanso pomwepo. Anapita kukamwa madzi pa mpopi wa panja ngakhale analibe ludzu. Pobwera anapeza kamtanda kali pompo, nanga kakanapita kuti?

Mutu wake unkangozungulira. Munthu angathe kugwidwa ukapolo. Angathe kukhala m'chipatala cha kutali, osakumbuka dzina lake. Zinachitikapo zimenezi, anthu amanena. Ndiye tsiku lina adzatulukire pa geti, adzaone chithunzi cha perete pakhoma, mkazi wake atavala mendulo kumanja, adzafunse kuti anasoka ndani. Adzamuuza kuti achimwene ako. Achimwene ako omwe aja anakuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, amene anakulembera kalata yofunsira usilikali, ndi amene anakuika m'manda ndi singano.

"Ine ayi," anatero Kopolo mokweza, m'chipinda mopanda munthu.

Anafufuta choko, natembenuza jekete. Anasoka kangowe kumanzere, ndi ulusi wowirikiza, mfundo zitatu kuseri. Ankadziwa bwino lomwe chimene chidzachitike: mkulu wa asilikali adzapita ndi dzanja kumanja, adzapeza nsalu yokhayokha, adzafufuza pachifuwa cha mkazi wa mwini pamaso pa bwalo lonse, ndipo a Sajeni Meja adzamudya wamoyo telala. Mizere iwiri ya ukopolo ija ikhoza kuthothoka lero lomwe. Zonsezi ankazidziwa, koma anapachika jeketeyo pa waya pamodzi ndi zinzake, n'kukhala pansi.

Eni majekete khumi aja anabwera kudzatenga zawo, wina pa ndodo zoyendera, wina khutu limodzi lokha, onse akununkha polishi. Aliyense pochoka ankamugwira Kopolo paphewa. Iye ankangoti zikomo, zikomo, maso ali pa wotchi ya pakhoma.

Mlamu analowa 1 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri, akupuma mothamanga.

"Atiyendetsa ngati ma rikuruti. Akuti pofika 1:45 tikhale titakhala pa mipando. Yatheka?"

Kopolo anamuveka jekete. Inakhala bwino, mapewa ali m'malo mwake. Mlamuyo anamanga mabatani pa galasi, anatembenuka uku ndi uku, kenako dzanja lake linakwera pachifuwa, kumanja. Linasisita nsalu. Linawolokera kumanzere n'kupeza kachitsulo kaja. Linakhala pamenepo.

"Alamu, mwasoka mbali yolakwika."

Kopolo anayang'ana kumbali. "Ayi, ndi momwe… onse aja ndawasokera kumanzere."

"Onse aja abwera ndi miyendo yawo."

Panja bandi inali itasiya kuyeserera. Kunkamveka nsapato za asilikali akufola.

"Ndakhala m'kampu muno zaka zisanu ndi ziwiri," anatero mlamu, akuyang'anabe pa galasi. "Mumayesa akazi ife tikakhala pa mabenchi paja timangoonerera zipewa? Ndinaona mayi a m'nyumba yachitatu ija atavala kumanja. Ndinaona bambo wokalamba uja chaka chatha, kumanja. Kalata yondiitana itangofika ndinadziwa mbali yanga."

"Pepala silinanene kuti…"

"Pepala! Pepala limagona m'nyumba mwanga muja?" Anatembenuka. Sanakweze mawu. "Ine ndinadziwa tsiku limene anandiuza kuti apeza wailesi yokha. Munthu uja wailesi sakanaisiya, inu mukumudziwa. Ndinafuna kulira tsiku lomwelo. Koma madzulo ake munabwera inu, n'kuti alamu limbani mtima, abwera. Amayi pa foni, abwera. Ndiye ine mkazi wobwera, ndiyambe ndine kulira maliro a mwana wa eni ake, eni ake akuti ali moyo? Anthu akanati chiyani? Akanati anali atatopa naye kale. Nsapato zija ndimapolisha Loweruka usiku chifukwa Lamlungu mukalowa mumayamba kuyang'ana pamenepo."

Kopolo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Miyezi isanu ndi itatu ankadziona ngati mzati wochirikiza mayiyu, osadziwa kuti iye ndi amene akuchirikizidwa. Manyazi anamugwira, ndi chisoni chimene anali atachitsekera panja nthawi yonseyi.

"Ndatopa, alamu," anatero mlamu. "Sindine mkazi wa munthu, sindine wamasiye. Lero lokha ndimati ndikaime pabwalo paja anthu andione chimene ndili. Ndiye inu mwandibwezeranso kumanzere."

Wotchi inkati 1:35. Kopolo anatenga lezala.

"Vulani ndikonze."

"Nthawi yatha. Sokani ndili chivalire."

Anadula mfundo zitatu zija movutikira, poti anali atazimanga ngati sizidzamasulidwanso. Kangowe kanagwera m'dzanja lake. Anayeza zala zinayi kumanja, osalemba choko. Anatenga singano ndi ulusi, koma ulusi unakana kulowa. Anaunyowetsa, anayesanso, unapinda. Maso ake sankaonanso bowo. Mlamu anamulanda, analowetsa ulusi kamodzi kokha, koma singanoyo sanamubwezere.

"Nenani kaye."

"Ndinene chiyani, alamu?"

"Mukudziwa. Ndinu wamkulu pabanja pano. Ine sindingayambe."

Kunja a Sajeni Meja ankakuwa kuti mizere iwongoke. Kopolo anayang'ana pansi, pa zidutswa za ulusi zimene anadula.

"Mng'ono wanga anamwalira," anatero. "Amuna anu anamwalira, alamu. Pepani."

Mlamu anatseka maso. Kulira kwake kunayamba pansipansi, kenako kunatuluka konse, kwa miyezi isanu ndi itatu, mpaka msilikali wina wodutsa panja anasuzumira pazenera n'kuchokapo msanga. Ali mkati molira chomwecho anatambasula dzanja n'kumupatsa singano.

Kopolo analowetsa zala ziwiri kuseri kwa nsalu kuti asamubaye, n'kuyamba kusoka, chifuwa cha mlamu wake chikukwera ndi kutsika, misozi yake iye mwini ikudonthera pa dzanja. Kangoweko kanakhala kopendekeka pang'ono. Anamanga mfundo, naluma ulusi ndi mano.

"Tiyeni ndikuperekezeni," anatero. "Tikachoka kubwalo tikawaimbire amayi."