Ntchito Yolowera Pawindo

"Ili ndi tsankho, achimwene, tsankho losachita kubisa," anatero Rowland uku akukupiza kalata m'mwamba ngati ikumuwotcha.

Mapemphero anali atangotha kutchalitchi kwawo ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, ndipo anthu anali mu holo akumwa tiyi. Eni ake kalatayo, a Goodwill Mtambalika, anali khale pampando wapulasitiki, dzanja lili pamsana. Kalatayo sanachite kumupatsa Rowland ayi. Iye anangoisolola yekha ataiona ikusuzumira m'thumba la jekete lawo. Rowland ankagwira ntchito ya makompyuta kubanki, ndipo nkhani ikangomugwera m'manja inkakula tsiku lomwelo.

Kalatayo inkanena kuti a Mtambalika alephera kachiwiri mayeso olowera ntchito yokonza sitima zapamtunda. Mbali ya manja anakhoza kuposa onse. Chimene chinawagwetsa ndi mbali ya pakompyuta, yofunsa zimene munthu angachite zinthu zikavuta pantchito. Tangoganizani, munthu woti anakonza mainjini a sitima ku Limbe zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Kuno ku Glasgow anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akukolopa m'sitima padepo ya kampani ina cha ku Springburn, kupala chingamu pansi pa mipando. Msana unali utayamba kukana, ndipo adokotala anali atanena kuti ntchito ya mopu aisiye chaka chomwecho. Mayesowo kampani inkalola kulemba katatu basi.

"Kodi anafunsa zotani?" anafunsa Deborah, namwino amene ankathira tiyi.

"Akuti kapitawo wako, munthu wachikulire, akumanga chitsulo molakwika anthu akuona. Uyamba n'kutani? Ine ndinasankha kudikira anthu achoke, ndimuitanire pambali. Iwo akuti umuimitse pomwepo."

"Mwamva?" anatero Rowland. "Ife anatilera kuti wamkulu sadzudzulidwa pagulu. Ndiye azungu akhala pansi n'kulemba mayeso oti woleredwa bwino agwe. Nanga n'chifukwa chiyani ogwa ambiri ndi ife?"

"Kuchipatala ukamadikira kuti anthu achoke, woyamba kuchoka amakhala wodwalayo," anayankha Deborah. "Si chilichonse chimene chili khungu, Rowland."

"Inu ndiye mwameza malamulo awo ndi mbale yomwe."

Mkangano unagwira holo yonse. Ena ankati mayeso onse kuno amalembedwa ndi anthu oti sanamuonepo munthu wakuda pafupi. Ena ankati masiku ano munthu sungatsokomole osamva kuti wanyoza mtundu wa anthu. A Mtambalika palibe anawafunsa maganizo awo. Iwo anali atatopa, ndipo ankangofuna basi yopita kwawo.

Rowland analemba kalata kukampani, ya masamba anayi, yotchula maloya ndi nyuzipepala. Patatha milungu iwiri, a Mtambalika anaitanidwa ku ofesi ya mayi Annette, amene ankayang'anira zolemba anthu ntchito. Mayiyo ankasankha mawu ngati akuponda pamagalasi osweka.

"Tazindikira kuti mwina mayeso athu sakomera mokwanira anthu a... anthu ochokera kuzikhalidwe zosiyanasiyana."

"Mukunena ife anthu akuda, mayi?"

Nkhope ya mayi Annette inafiira mpaka m'makutu. Anati komiti ikuunikanso mayesowo, ndipo podikira, iwo akhoza kuyamba ntchito osalembanso mbali ya pakompyuta.

"Ndiye kuti mayeso aja ndi olakwika?"

"Sindinganene choncho."

"Ndi olondola?"

"Zimenezonso sindinganene."

A Mtambalika anatuluka ndi pepala lofunika kusaina, koma mtima sunali m'malo. Kunyumba anauza akazi awo a Nelia kuti kumeneku n'kulowera pawindo.

"Pawindo, pakhomo, kaya padenga, msana wanuwo ukudziwa zimenezo?" anatero a Nelia akuvula nsapato, atangoweruka kunyumba yosamalira okalamba. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Ndapile. Mwapala chingamu cha anthu zaka zisanu ndi ziwiri. Sainani."

Anasaina. Lamlungu Rowland anachita kulengeza mu holo kuti chilungamo chapambana, anthu n'kuwomba m'manja.

Sabata yoyamba a Mtambalika anasangalala, tisaname. Ovolosi yatsopano, bokosi lawolawo la masipanala, fungo la girisi. Sitima zake zinali zamagetsi, zosiyana ndi zadizilo za ku Limbe, koma chitsulo ndi chitsulo. Chimene chinkawadabwitsa ndi ulemu. Kokolopa kuja amayi a ku Glasgow ankawaseka kuti amayenda ngati m'busa, iwonso n'kuwabwezera, tsiku n'kutha. Kuno akalowa m'chipinda chomwera tiyi, kuseka kunkazima. Aliyense ankawapatsa moni wonse bwinobwino, kenako n'kuyang'ana mu kapu yake. Ntchito iliyonse imene agwira, yankho linali limodzi: "Zili bwino, Bambo Mtambalika, zili bwino kwambiri."

Ankagwira limodzi ndi Jeff, mzungu wamtali wa imvi amene anakalambira padepo pomwepo. Lachitatu la sabata yachinayi, a Mtambalika anamanga mabuleki a sitima ina, Jeff n'kuyang'ana, n'kusaina pepala kuti zili bwino. Nthawi ya tiyi itakwana, onse ananyamuka. Atafika pakhomo, a Mtambalika anakumbukira kuti aiwala magalasi awo m'dzenje lokonzera sitima, ndipo anabwerera.

M'dzenjemo munali Jeff, tochi ili pamphumi, akumasula zimene iwo anamanga.

"Jeff, chavuta n'chiyani?"

Jeff anadzidzimuka mpaka kugunda mutu kuchitsulo. "Palibe, Bambo Mtambalika. Ndimangoonetsetsa."

"Munthu woonetsetsa samasula. Tandionetsani."

Jeff anazengereza, kenako analoza kachitsulo kokhoma mabuleki kuti asasunthe. A Mtambalika anali atakalowetsa mmene ankachitira ku Limbe. Pa sitima izi kamayenera kulowera mbali inayo, apo ayi kamatha kusololoka sitima ikugwedezeka.

"Aka n'koyamba?"

Jeff anayang'ana pansi. "Kachinayi."

"Kanayi konse, inu mukusaina kuti zili bwino, kenako n'kumabwera mozemba kudzakonza?"

"Ndimvereni," anatero Jeff motsitsa mawu. "Musanabwere anatisonkhanitsa tonse. Anatiuza kuti nkhani yanu yafika kwa maloya, tisamale kayankhulidwe. Ine pakamwa panga ndi poipa, aliyense amadziwa. Wina akalakwitsa ndimamukalipira, mawa timamwera limodzi tiyi. Koma inu ndikakukalipirani, zimveka bwanji kumtunda kuja? Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume pantchito. Sindikufuna kalata yondichenjeza."

"Nanga tsiku limene mudzadwale, adzakonze ndani?"



A Mtambalika anakhala pansi pamasitepe a dzenjelo. Anachita manyazi, manyazi oposa a tsiku limene anagwira mopu koyamba. Sanamukwiyire Jeff, ankamumvetsa bwino lomwe, mwinanso kuposa mmene Jeff ankaganizira. Chimene chinawawawa n'chakuti milungu inayi yonse ankayenda monyada mu ovolosi yawo, pamene depo yonse inkadziwa kuti pali munthu woyenda pambuyo pawo n'kumatolera zolakwa.

"Kwathu timati wakutsina khutu ndi mnansi," anatero. "Ndipatseni sipanalayo. Muime apo mundiuze, mokweza, mmene mumauzira anzanu."

Jeff anawauza, koma monong'ona, akuyang'anayang'ana kukhomo. Pamenepo a Mtambalika anadziwa kuti kupempha sikungathandize. Malinga ngati analowa mmene analoweramo, palibe amene adzayerekeze kuwatsina khutu.

Anamanga mabulekiwo bwinobwino, nasamba m'manja, n'kukwera masitepe opita ku ofesi. Ankakwera pang'onopang'ono chifukwa cha msana. Ankadziwa zimene a Nelia akanene, ankadziwanso zimene Rowland akanene Lamlungu, ndipo zonsezo zinangowawonjezera kutopa.

"Mayi, mayeso otsatira ndi a liti?"

"Mwezi wamawa," anatero mayi Annette. "Koma inu sakukukhudzani."

"Ndikufuna ndilembe, pamodzi ndi anzanga onse, m'chipinda chimodzi."

Mayi Annette anavula magalasi. "Bambo Mtambalika, mukumvetsa zimene mukupempha? Mukalemba, chilolezo chapadera chija chatha. Aka kakhala kachitatu. Mukalephera sindingathe kukusungirani malowa, ndipo ntchito yanu yakale tinapereka kale kwa wina."

"Ndikudziwa."

"Komiti ikhoza kusintha mafunso chaka chamawa. Ena mwa mafunsowo inenso sindigwirizana nawo. Bwanji osadikira?"

"Ena ndi okhota ndithu, ndipo muwawongole. Koma ine sindingadikire komiti."

"Chifukwa chiyani? Palibe ndi mmodzi yemwe amene wadandaula za ntchito yanu."

"N'chimene ndabwerera, mayi. Palibe amene angayerekeze kudandaula. Ndipo sitima zimene ndikumanga mabulekizi zimanyamula anthu."

Kwa nthawi yoyamba mayi Annette sanafunefune mawu oti anene. Anatembenukira kukompyuta n'kuyamba kulemba dzina lawo pamndandanda. A Mtambalika anaima pomwepo mpaka atalionadi kuti lalowa, lachisanu ndi chiwiri, pakati pa mayina a anthu ena onse.