Bowo la Mayi Majvor

Nsonga ya chobowolera inatulukira pakhoma, pamwamba pa tebulo langa, ndili pakati pomwa khofi, fumbi loyera n'kugwera m'kapu. Makoma a nyumba zathu zosanjikizana za mumzinda wa Örebro ndi a konkire wopepuka uja, wodzaza timabowo ngati buledi. Kutentha amasunga, inde, koma ukakankha mwamphamvu umangopezeka uli kwa mnzako.

Posakhalitsa ndinamva kugogoda. Anali mayi Majvor a khomo loyandikana ndi langa, amene chisamukireni tinkangogwedezerana mutu pamasitepe.

"Pepani, bambo Sixten. Ndimati ndikhome shelefu. Sindinakulaseni?"

"Mwaphonya dazi pang'ono. Khomali ndi lofewa, mayi, sakankha ngati akukumba mgodi."

"Ndibwera ndidzatseke."

"Musathamange."

Sanathamangedi. Chimwalirireni mkazi wanga, m'nyumba mwanga munkalankhula firiji yokha. Tsopano kabowo kaja, kosalowa n'chala chomwe, kankandibweretsera wailesi yawo, fungo la mabanzi a sinamoni, ndi mawu awo akukalipira mphaka. Ndinasendeza mpando kufupi ndi khoma. Ndinayamba kudya nthawi imene iwo ankadya, ndipo akayetsemula ndinkawapepesa chamumtima. Ndinali wosungulumwa, koma kukula kwake ndinakudziwira pamenepo.

Loweruka lina anafika ndi kachitini ka pulasitala.

"Kwanga ndamata kale," anatero. "Ndimate kunonso, mwamva zopusa zanga zokwanira."

"Ine sindimva kanthu, makutu anatha kalekale."

"Nanga amaseka uja ndikamatukwana mphaka ndani?"

Ndinkafuna kuwapempha kuti bowolo alisiye, koma kwathu kuno munthu sapempha zotere. Ndinalandira kachitiniko n'kunena kuti ndimata ndekha. Khofi anakana, ati asiya mabanzi mu uvuni.

Masana onse m'nyumba munali zii, ndipo mtima unandiwawa. Mdima wa Disembala utagwa, uja umagwa anthu asanaweruke, ndinatenga singano yolukira majuzi n'kuilowetsa m'bowomo. Ndinapala pulasitala wawo pang'onopang'ono, asanaumitsitse, mpaka panatsala kochepa kwambiri. Kubowoleratu sindinayerekeze.

Ndinazimitsa getsi langa n'kukhala pampando paja. Mayi Majvor atayatsa lawo, pakhoma panaoneka kadontho ka kuwala kofiirira, kakang'ono ngati nyemba.